Za Nthenda ya Mtima Wolema Imene Ikana Mankhwala

Ndifuna kukamba nanu za mng'ono wanga, ndi za cholakwa chimene ine mkulu wake ndinamchitira pamene anadwala. Ndampempha chilolezo, ndipo wavomera kuti ndilembe, koma dzina lake ndilibisa.

Kwathu ndi kugombe la nyanja, m'dziko la Salima, chakumpoto kwa Senga Bay. Mng'ono wangayo ndi msodzi wa usipa, munthu wamphamvu ndi wanthabwala, amene poimba m'kachisi mawu ake ankamveka kufikira kudooko. M'chaka cha 2021, nyengo ya mwera, tinaona kuti wasintha. Analeka kupita kunyanja, chilimira chake chinangoti mbwee pamchenga, nsima ankangoitsina kawiri nasamba m'manja, ndipo tulo tinamthawa, kotero kuti tambala woyamba ankamupeza ali maso. Chotizizwitsa chinali ichi, chakuti panalibe maliro, panalibe ngongole, panalibenso ndewu m'banja. Mlamu wanga akamfunsa chimene chamsautsa, iye ankangoti, "Mtima wanga walema ngati mwala wa nangula, ndipo sindidziwa chifukwa chake."

Nthenda imeneyi ena aitcha kuganiza kwambiri, ena kuvutika maganizo, ndipo madotolo pa Chingerezi ati depression. Isiyana ndi chisoni cha pamaliro, pakuti chisoni chichepa masiku akamapita, koma iyi ikhala milungu ndi miyezi, nilanda munthu njala, tulo, mphamvu ndi chikondwerero chonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi linawerenga kuti m'chaka cha 2019 anthu odwala nthendayi anali ngati 280 miliyoni. Chotero si nthenda ya Azungu okha, monga ena anena, ndiponso si misala.

Tinapita naye kuchipatala, ndipo anampatsa mibulu yotchedwa amitriptyline, natiuza kuti mankhwala otere sagwira msanga monga achita a malungo, koma afuna milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Anamwa miyezi iwiri. Kukamwa kunauma, masana ankawodzera, koma mtima unali chilemere. Tinabwerera, nampatsa ena otchedwa fluoxetine, namwa miyezi itatu, ndipo kusintha kunali kochepa, kosati n'kukondwera nako.

Pamenepo mudzi unayamba kuweruza mlandu. Atsibweni anati, "Mankhwala a kuchipatala akakana kawiri, ndiye kuti pali dzanja la munthu. Kodi mwaiwala kuti mwanayu anagula injini chaka chatha, anzake akupalasabe ndi nkhafi?" Mbuzi ziwiri zinagulitsidwa, mng'ono wanga anatemedwa mphini pachifuwa ndi pamphumi, ndipo nkhalamba ina yosalakwa inayamba kulozedwa zala pachitsime. Ine ndinakana zaufiti, ndipo ndinadziyesa wanzeru koposa atsibweni. Koma taonani chimene ndinachita. Ndinamtengera kuseri kwa nyumba, ndinati, "Mphwanga, Mkhristu sakhala wopanda chimwemwe. Ulula tchimo limene wabisa, ndipo udzapepukidwa." Iye anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Achimwene, ndafufuza usiku uliwonse, ndipo ndapeza kuti ine ndemwe ndine tchimolo." Ha! Atsibweni anamtema khungu lokha, koma ine mphunzitsi, wozolowera kuwongola ana a eni, ndinamtema mumtima.

Usiku wina wa mwezi wa June m'chaka cha 2022 mlamu wanga anagogoda pakhomo panga akulira, nati mwamuna wake palibe pamphasa. Ndinampeza kudooko atakhala pa bwato lovundikira, mwera ukuwomba, mafunde akuswa pamapazi ake. Sindinalalike. Ndinamfunda chikhoti changa, ndinakhala pambali pake, ndipo patapita nthawi ndinamfunsa poyera ngati aganiza zodzipha. Anati inde. Ambiri aopa funso limeneli, poyesa kuti lidzaika maganizowo mwa munthu. Koma madotolo atsimikiza kuti kufunsa sikubzala kanthu, koma kutsegula khomo kuti wodwala alankhule. Kutacha tinachotsa m'nyumba mwake mankhwala opopera thonje, mankhwala a makoswe ndi zingwe, ndipo kuyambira tsikulo sitinamsiye yekha usiku.

Ulendo wachitatu tinakomana ndi dotolo wodziwa nthenda za maganizo, munthu wofatsa, amene anatipatsa nthawi. Iyeyo anandiphunzitsa zimene ndifuna kuti inunso mudziwe. Anati munthu akamwa mitundu iwiri ya mankhwala, uliwonse pa muyeso wokwanira ndi kwa milungu yokwanira, osachira, madotolo aitcha nthenda yokana mankhwala, ndipo si chinthu chachilendo. Ku America anayesa odwala ngati 4,000, nalengeza zopeza zawo m'chaka cha 2006: mwa odwala atatu, mmodzi yekha ndiye anachira ndi mankhwala oyamba, ndipo atasinthasintha kanayi, panatsalabe osachepera mmodzi mwa atatu amene sanachire kwenikweni. Kodi onsewo anawalodza atsibweni awo? Kodi onsewo anabisa tchimo?

Dotoloyo sanafulumire kulemba mankhwala ena, koma anayamba ndi kufunsa. Anafunsa ngati mibulu inamwedwa tsiku ndi tsiku, ndipo tinavomera kuti panali milungu itatu imene inasowa. Anafunsa za mowa, ndipo mng'ono wanga anaulula kuti ankamwa kachasu mobisa kuti apeze tulo. Dotolo nati mowa ugoneka munthu madzulo numudzutsa pakati pa usiku, ndipo uzamitsa mtima womwewo umene mankhwala afuna kuukweza. Anafunsa ngati anakhalapo ndi masiku a chisangalalo chopyola muyeso, osagona, akumwaza ndalama, pakuti imeneyo ndi nthenda ina yofuna mankhwala ena. Anamgwira pakhosi kuona chithokomiro, chifukwa chikafooka chifooketsa munthu yense. Anayeza magazi ndi mkodzo, napeza likodzo, nthenda yathu ya kunyanja, imene inamchepetsa magazi iye osasamala. Atatha izi zonse anachiza likodzolo, nakonza muyeso wa mankhwala, natichenjeza kuti asaleke kumwa modzidzimutsa, ndi kuti apitirize miyezi 6 kapena kuposa ngakhale atayamba kupeza bwino. Anatiuzanso kuti zikakanika pali njira zina zimene akatswiri adziwa, ndi kuti odwala kwambiri atumizidwa ku chipatala chachikulu cha nthenda za maganizo ku Zomba. Potsiriza anati, "Mbali yanga ndi imeneyi, koma mbali yaikulu ili kumudzi kwanu."

Pobwera ndinakumbukira mbiri ya mneneri Eliya, imene ndaphunzitsa ana kambirimbiri osaizindikira. Munthu uja, atangopambana pa phiri la Karimeli, anathawira kuchipululu nakhumba imfa. Mulungu sanayambe ndi kumdzudzula. Anamlola agone, namtumizira mkate ndi madzi, namlolanso agone, namdyetsanso. Pambuyo pake anamyendetsa ulendo wautali, namvetsera dandaulo lake kawiri konse, ndipo potsiriza anampatsa ntchito ndi mnzake woyenda naye, ndiye Elisa. Tulo, chakudya, kuyenda, khutu lomvetsera, ntchito ndi bwenzi: ndinachita manyazi poona kuti ine ndinalumpha zonsezi, n'kuyamba ndi chiweruzo chimene Mwini wake sanachipereke.

Tsono tinapangana ndi akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano. Mamawa aliwonse mmodzi wa ife ankayenda naye m'mbali mwa nyanja kufikira pamathandala oyanikapo usipa ndi kubwerera, angakhale iye sanafune. Nsima sanadyenso yekha m'nyumba, koma pabwalo pamodzi ndi amuna anzake. Msodzi wina wokalamba, Msilamu wa pamudzi woyandikana nafe, ankabwera ndi ukonde wong'ambika nati, "Mwanawe, maso anga atha, tandisokerako," ndipo ankakhala awiriwo maola ambiri pansi pa mtengo wa mango, mawu ali ochepa. Mwezi ndi mwezi ankapita kukacheza ndi namwino wophunzira uphungu, amene anamthandiza kugawa mavuto ake ndi kugwira limodzi limodzi. Mlamu wanganso, amene anatopa ndi kusenza banja yekha, amayi anamlandirako mtolo wa nkhuni ndi wa ana. Mapemphero sitinaleke, koma tinasintha kapempheredwe: tinasiya kufuula pamutu pake usiku wonse, n'kumapemphera mwachidule, kupempha chipiriro.

Musayese kuti nzeru imeneyi ndi yathu yokha. Ku Zimbabwe dotolo wina, Dixon Chibanda, anayamba m'chaka cha 2006 kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, mumzinda wa Harare, kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu odwala nthenda imene Ashona aitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. M'chaka cha 2016 kunalengezedwa kuti odwala amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino koposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Ndipo kale ku England, William Cowper, wolemba nyimbo za Mulungu, anagwidwa ndi nthendayi kolimba m'chaka cha 1773, nakhulupirira kuti Mulungu wamtaya. Mbusa John Newton anamsunga m'nyumba yake ku Olney koposa chaka chathunthu. Cowper sanachire kotheratu kufikira imfa yake mu 1800, koma ndani angati anali wopanda chikhulupiriro, kapena kuti Newton anataya nthawi pachabe?

Sindifuna kukunyengani ndi mathero okoma koposa choonadi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife tinadekha chaka ndi theka. M'chaka cha 2024 mng'ono wanga anabwerera kunyanja, poyamba usiku umodzi pa mlungu, kenaka kawiri. Mankhwala akumwabe. Mwera ukayamba mtima wake ulemanso, ndipo aneneratu yekha kuti, "Achimwene, mtambo uja wayamba," ife n'kubwerera ku maulendo a mamawa. Kuimba kwake sikunafike pakale. Koma ali moyo, ana ake ali ndi atate, ndipo nkhalamba ija itunga madzi pachitsime popanda woiloza chala. Ine ndinapita kukapepesa kwa iye chifukwa cha mawu a kuseri kwa nyumba aja. Anandikhululukira, koma anandiuza kuti mawuwo anamtsata miyezi yambiri, ndipo ichi sindidzachiiwala.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu akulu a mpingo, aphunzitsi anzanga ndi amayi nonse: mukaona mbale amene mankhwala amkana, musafune mfiti, musafunenso tchimo. Bwererani naye kwa dotolo kachitatu ndi kachinayi, munene zonse osabisa, mumfunse poyera ngati aganiza za imfa, muchotse zoopsa m'nyumba, ndipo mugawane masiku omuyendera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mlungu woyamba odzazonda achuluka; koma wodwala nthendayi asowa munthu amene adzafikabe pakhomo pake mwezi wakhumi.

Ndine mnzanu mu ntchito ya Ambuye,
Mphunzitsi wa kugombe, Salima.