Chanzi cha M'mphepete mwa Dambo

Kumwera kwa Mzimba, cha ku Jenda ndi ku Embangweni, kuli madambo ambiri kumene anyamata amadyetsa ng'ombe. M'mphepete mwa madambowo ndi m'mbali mwa timitsinje mumamera chitsamba chotchedwa chanzi. Sichitalika kwambiri, pakuti chachikulu chimangopitirira pang'ono msinkhu wa munthu. Masamba ake ndi okhakhala, maluwa ake ndi aang'ono, oyererako. Koma munthu akathothola tsamba nalifikisa m'manja, limatulutsa fungo lamphamvu longa la mandimu.

Chitsambachi sichimera kuno kokha ayi. Azulu a ku South Africa amachitcha umsuzwane, ndipo dziko lawolo ndilo kumene anachokera makolo a Angoni, amene anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'chaka cha 1835. Ku Zimbabwe amachitcha zumbani, ndipo m'chaka cha 2021, pa nthawi ya mliri wa korona, anthu a kumeneko anachifuna kwambiri.

Pamudzi wina pafupi ndi dambo lotere panali mnyamata wa zaka khumi, wokhala ndi agogo ake aakazi pamodzi ndi mlongo wake wamng'ono. M'mwezi wa Juni, pamene kuzizira kwa ku Mzimba kumalowa m'mafupa, mnyamatayo anadwala chimfine ndi chifuwa. Agogo anapita kudambo, nathyola masamba a chanzi, nawawiritsa mumphika. Anamfunditsa bulangete pamwamba pa mphikawo kuti apume nthunzi yake, ndipo madzi ena anampatsa kuti amwe. Mphuno zinatseguka, ndipo usiku umenewo anagona bwino. Kuyambira pamenepo mnyamatayo anayesa kuti palibe nthenda yoposa chanzi.

Mvula itafika pachimake m'mwezi wa Febuluwale, madzi anadzaza dambo, ndipo udzudzu unachuluka. Tsiku lina m'mawa mlongo wake anadzuka thupi lili moto, akunjenjemera, nakana phala. Mnyamatayo sanadikire kutumidwa. Anathamangira kudambo, nalowa m'matope mpaka m'mawondo, nabwera ndi mtolo wa chanzi, mtima wake uli wokondwa kuti wachita zamphamvu.

"Agogo, ndabwera nawo mankhwala. Ikani mphika pamoto."

Koma agogo anakhudza mphumi ya mwanayo, nayang'ana m'maso mwake, napukusa mutu.

"Wachita bwino, mzukulu wanga, koma nthenda iyi si ya chanzi. Pita ukaitane amalume ako, abwere ndi njinga."

Mnyamatayo anakhumudwa, pakuti anayesa kuti agogo anyoza ntchito yake. Komabe anamvera, nathamanga.

Agogowo anali anzeru ndithu. Malungo sachokera ku mphepo kapena ku chifunga cha m'dambo, monga ankaganizira anthu ambiri kale. Amachokera ku tizilombo tating'onoting'ono timene udzudzu umalowetsa m'magazi pamene uluma munthu. Dokotala wina, Ronald Ross, anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku India m'chaka cha 1897. Nthunzi ya chanzi ingathe kutsegula mphuno, ndipo fungo lake udzudzu sulikonda, koma tizilombo tikalowa m'magazi a mwana, madzi a masamba si odalirika. Mwana wamng'ono angathe kukomoka ndi kufa m'masiku owerengeka.

Njira inali yoterera, ndipo anafika ku chipatala cha Embangweni dzuwa lili pamutu. Namwino anabaya chala cha mwanayo, natenga kadontho ka magazi, ndipo posachedwa ananena kuti ndi malungo. Anapereka mankhwala otchedwa LA, akumwa m'mawa ndi madzulo masiku atatu, nawachenjeza kuti asalekeze panjira ngakhale mwana ayambe kusewera.

Mnyamatayo anafunsa mwamanyazi kuti, "Kodi mankhwala a m'tchire ndi achabe?"

Namwino anaseka, nati, "Iyayi, mwana wanga. Ngakhale awa ndakupatsaniwa chiyambi chake ndi masamba."

Ndipo ananena zoona. Imodzi mwa mphamvu ziwiri za mu LA inachokera ku chomera cha ku China, chimene mayi wina wophunzira, Tu Youyou, anachifufuza pamodzi ndi anzake, napeza mankhwalawo m'chaka cha 1972. Kwinini nayenso anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Koma amenewa anayesedwa zaka zambiri, kufikira muyeso wake unadziwika bwino.

Pa tsiku lachitatu mwanayo anapempha yekha nsima. Mtolo uja agogo sanautaye. Anauyanika pamthunzi m'khonde, ndipo utauma, masamba ena anawasunga mumsuko kudikira zifuwa za m'nyengo yozizira. Otsalawo anawasinja, nawathira m'thumba la nyemba, monga amachitira alimi ena a ku Mzimba pofuna kupirikitsa anankafumbwe, ndipo mnyamata uja ndiye anagwira kukamwa kwa thumbalo.