Njinga ya bambo ilibe magiya

Loweruka lina mu June 2024 ndinagwa pa njinga anthu akuona, pafupi ndi msika wa Mitundu. Sindinavulale kwenikweni, kungosupuka pachigongono, koma manyazi ake! Anyamata a kabaza amene ankadikira makasitomala pamthunzi anafa nalo phwete. Mmodzi anachita kukuwa: "Akulu, njinga yodula chonchi koma kupalasa simutha?" Ndinadzuka, n'kusasa fumbi, n'kuseka nawo limodzi. Nanga ndikanatani? Ankanena zoona. Panali patatha zaka 10 ndisanakwereko njinga.

Chodabwitsa n'chakuti ine ndinakulira pa njinga. Kwathu ndi mudzi wina wa kumwera kwa Mitundu, kufupi ndi mtsinje wa Diamphwe, ndipo kumeneko njinga si chinthu chosewerera. Ndiyo imanyamula chimanga kupita kuchigayo, mtedza ndi soya kupita kumsika, wodwala kupita kuchipatala, ngakhale mbuzi yomangidwa pakeliyala ikulira njira yonse. Bambo anga anali ndi Humber yakuda, yolemera ngati ngolo. Ndinaphunzirira pomwepo ndili ndi zaka 8, ndikulowetsa mwendo pansi pa chitsulo chapakati chifukwa pachishalo sindinkafika. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kapalasidwe kameneka, thupi lonse lili mbali imodzi, njinga itapendekekera mbali inayo.

Humber imeneyo ndiyo inandiphunzitsa sukulu. Nyengo ya dimba bambo ankadzuka tambala woyamba, n'kumangirira dengu la tomato kapena kabichi, ulendo wa ku Mitundu. Zakudimba zikatha ankachita kabaza. Fizi yanga yonse ya kusekondale inachokera m'mapedulo amenewo.

Ndiye mwina mukufunsa kuti ndinasiyiranji kupalasa. Nkhani yake sindinaifotokozepo pagulu, koma lero ndiinena.

Ndili Fomu 2 pasukulu ina yogonera konko, bambo anabwera kudzandiona. Anafika masana dzuwa likuswa mtengo, malaya atanyowa ndi thukuta, miyendo ya thalauza ataimanga ndi mphira kuti isakodwe mutcheni. Pakeliyala panali kathumba ka mtedza wokazinga ndi botolo la thobwa la kwa mayi. Makolo a anzanga ena ankabwera pa galimoto. Bambo atachoka, mnzanga wina anandifunsa kuti, "Amdala aja ndi ndani?" Ine osaganiza n'komwe ndinangoti, "Ndi akabaza, awatuma kunyumba."

Ndinkaganiza kuti anali atapita kale. Ayi ndithu, anali kuseri kwa mpanda akupopa tayala. Sananene kanthu tsiku limenelo, ndipo sananenepo kanthu zaka zonse zotsatira. Koma kuyambira pamenepo ankangotumiza ndalama kudzera kwa munthu, kusukulu kuja sanapondekonso. Ineyo ndinayamba kudana ndi njinga. Ndikaiona ndinkaona umphawi, komanso ndinkakumbuka mawu anga aja. Patchuthi ndinkalolera kuyenda wapansi.

Zaka zinadutsa. Ndinamaliza kuyunivesite, n'kupeza ntchito yolemba nkhani za pa intaneti ku Lilongwe. Ntchito yake ndi yokhala pansi tsiku lonse, maso pa kompyuta, kenako maso pafoni mpaka tulo. Kamimba kanayamba kutuluka, msana kuwawa, kukwera masitepe awiri okha ndi befu. Kenako kunabwera mavuto amene tonse tikuwadziwa: mizere ya mafuta pamafilingi siteshoni, ndipo mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mtengo wa minibasi unakwera, malipiro ali pomwepo. Nditawerengetsa ndalama imene ndinkawononga pamwezi pongopita ndi kubwera kuntchito, ndinagwira pakamwa.

Choncho sindinganame kuti ndinabwerera ku njinga chifukwa chokonda masewera. Linali thumba. Ndinasunga kwa miyezi ingapo n'kugula njinga ya kaunjika, ija timati mauntini baiki: matayala onenepa a mano, magiya 21, ndi masipuling'i kutsogolo. Ndinasankha yoteroyo mwadala, kuti anthu asandiyese wakabaza. Mukuona? Matenda aja anali asanathe.

Kwa milungu ingapo ndinkangopita nayo kuntchito, kudutsa njira zachidule. Kenako ndinayamba kuwerenga za njingazi. Ndinapeza kuti zinayambira ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, m'zaka za m'ma 1970. Anyamata ena, monga Joe Breeze ndi Gary Fisher, ankatenga njinga zakale zolemera n'kumatsika nazo m'njira zafumbi za m'mapiri, kenako n'kuyamba kupanga zawozawo zolimba. Pofika 1996 masewerawa analowa mu Olympics ku Atlanta. Kuno kwathu, ku Luwawa m'mapiri a Viphya kwakhala kukuchitika mpikisano wa njinga zoterezi, ndipo alendo amapita kukapalasa m'nkhalango ya Dzalanyama. Ndinaseka ndekha. Zimene anzathu amachita kulipira ndege kuti adzachite, anthu a kwathu amachita tsiku ndi tsiku, atanyamulanso matumba awiri a chimanga.

Dzalanyama ndi kumene kumachokera mtsinje wa Diamphwe, womwe umatsika n'kukhala malire a boma la Lilongwe ndi la Dedza usanakathire mu Linthipe. Kunena kwina, malo amene ndinkawasirira pafoni anali kuseri kwa nyumba ya mayi anga. N'chifukwa chake Loweruka lija ndinaganiza zopalasa kupita kumudzi, kudzera msewu wa ku Bunda. Ndipo n'chifukwa chake ndinagwa pa Mitundu: mbuzi inadumphira mumsewu, ine n'kufinya buleki yakutsogolo yokha. Njinga inaima, ine ndinapitirira.

Kuyambira tsiku limenelo, pafupifupi Loweruka lililonse ndimakhala m'njira za pakati pa Mitundu, Nathenje ndi Diamphwe. Ndikufuna ndikuuzeni zimene zili kumeneko, chifukwa ambiri a ife timangodutsa pa M1 tili m'basi, mutu uli pafoni.

Mukachoka patala n'kulowa m'tinjira ta m'midzi, dziko limasintha. Phiri la Bunda limakhala ngati likukuperekezani, mukakhota mukuliona, mukakhotanso lilipobe. Chakutsogolo kuli Ngala ya Pakamwa, thanthwe lija lokhala ngati layasamula. Miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka August: mvula yatha, minda yakololedwa, kunja kukuzizira, njira zauma koma fumbi silinachuluke. Mu October muzinyamuka m'bandakucha, apo ayi dzuwa likuphikani. Nthawi ya dzinja matope a m'madambo amamatirira kumatayala mpaka njinga kukana kuyenda, mumachita kuisenza. Mukatsikira kumtsinje mumapeza madimba obiriwira pamene kwina konse kwauma, amayi akuthirira ndi makheni, ana akusambira, ng'ombe zikumwa madzi. Nzimbe ya pamenepo mukaidya mutatopa, simungaiiwale.

Njira za kumudzi zili ndi malamulo ake amene simungawapeze pa YouTube. Mukaona masamba aikidwa pamsewu, dziwani kuti pali maliro: tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mpaka mutadutsa masamba achiwiri. Mukakumana ndi gule, patukani ndipo musatulutse foni kuti mujambule popanda chilolezo. Kuno ndi kwa Achewa, mwambo ndi mwambo. Podutsa pakhomo pa munthu chepetsani liwiro, perekani moni. Ndipo mukakumana ndi wina atasenza katundu wolemera pa njinga, njira ndi yake. Inu mukusewera, iye ali pantchito.

Za njinga yeniyeniyo, zambiri ndinaphunzira kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo pa Nathenje. Iye ndiye anandiuza kuti giya amasintha usanafike pachitunda, osati uli pakati ukukankha mwamphamvu, chifukwa tcheni chimadumpha kapena kuduka kumene. Potsetsereka, thako lipite kumbuyo kwa chishalo, mabuleki onse awiri uwagwire pang'onopang'ono. Pamchenga usapope tayala mpaka kuuma gwa, lisiyeko lofewa pang'ono kuti ligwire nthaka, ndipo usasiye kupalasa. Oyilo wakuda wochotsa mu injini asayandikire tcheni, amakoka fumbi n'kudya mano a magiya. M'kachikwama musamasowe mpope, chubu chapadera, zigamba ndi solushoni, chifukwa minga ya kumeneko sichita nthabwala. Chipewa choteteza mutu anthu amandiseka nacho, ena amati ndikuoneka ngati kamba, koma pambuyo pa mbuzi ija sindichisiya.

Pano sindipalasa ndekha. Ndinayamba kuika zithunzi pa sitetasi ya WhatsApp, anzanga awiri a kuntchito anatengeka, kenako mlongo wanga naye anabwereka njinga n'kutitsatira. Iyeyu anakumana ndi zake: amayi ena pachitsime anamufunsa ngati akuthamangitsidwa. Lero ndi amene amatisiya pachitunda. Tilibe dzina, tilibe yunifolomu, wina amabwera ndi Buffalo, wina ndi njinga ya agogo ake. Lamulo ndi limodzi: wotsogola amadikira wotsalira.

Koma chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi chinachitika mu August chaka chomwecho. Ndinafika kumudzi cha m'ma 10 koloko, bambo ali pakhonde akusoka thumba. Masiku ano kabaza anasiya, mawondo amawavuta, komanso njinga zamoto zinalanda makasitomala. Humber ija inali itatsamira khoma la nkhokwe, matayala ataphwa. Anaiyang'ana njinga yanga nthawi yaitali, n'kugogoda felemu ndi chala.

"Timano tonseti kumbuyoku n'tachiyani?"

Ndinawafotokozera kuti tcheni chikakwera pa dzino lalikulu kumbuyo, mapedulo amapepuka, chitunda umakwera utakhala pansi. Anapukusa mutu. "Ndiye kuti mumakwera phiri mwaulesi."

"Tayesani, bambo."

Anakana kawiri, kachitatu anavomera. Tinamata machubu a Humber, tinapopa, tinathira mafuta m'tcheni. Tinagwirizana kuti tisinthane: iwo akwere yanga, ine ndikwere yawo, titsikire ku Diamphwe n'kubwerera. Mayi anangoima pakhomo atagwira m'chiuno.

Popita zinali bwino, kunali kotsetsereka. Pobwerera m'pamene ndinadziwa. Pali chitunda china chochokera kudimba kwathu chimene pa njinga yanga ndimakwera ndikuimba mluzu. Pa Humber ndinaimirira pamapedulo, ndinakoka mahandulo, ndinatuluka thukuta, koma pakati penipeni njinga inangoima. Ndinatsika n'kuyamba kukankha. Pakeliyala panalibe kanthu, ngakhale tomato mmodzi. Bambo anali atafika kale pamwamba, akuseka ngati mwana, akusinthasintha magiya kuti amve kulira kwake.

Nditafika ndinakhala pansi pamzere wa mbatata, mpweya ukuperewera. Ndinawafunsa kuti ankakwera bwanji pamenepa ndi dengu lodzaza.

"Ndinkatsika n'kukankha, ngati mmene wachitiramu. Ukuganiza kuti ndinali ndi injini?"

"Tsiku lililonse?"

"Nanga fizi ikanadikira?"

Pamenepo mawu amene ndinawasunga zaka 10 anatuluka okha. Ndinati, "Bambo, tsiku lija kusukulu, ndinanena zoipa. Ndikudziwa kuti munamva. Pepani."

Anakhala chete, akuyang'ana kumtsinje. Kenako anati, "Unanama pati? Sindinali wakabaza?" Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke. "Chinandiwawa si chakabazacho. Chinandiwawa n'chakuti unati andituma. Palibe anandituma, mwana wanga. Ndinabwera ndekha."

Sindinayankhe. Panalibe choyankha. Tinakhala pamenepo mpaka thukuta litauma, kenako anadzuka n'kunena kuti tizipita nsima ingazizire. Njinga yanga sanandibwezere mpaka pakhomo.

Panopa ndikusunga ndalama kuti ndiwagulire yawo ya magiya, chifukwa akuti pa iyoyi mawondo sawawa kwambiri. Humber anandipatsa, ati ndiisamale. Ndinaigulira matayala atsopano ndi belu, ndipo masiku ena ndimapita nayo kuntchito. Tsiku lina mlonda wa pageti anandifunsa mwanthabwala ngati ndayamba kabaza. Ndinamuuza kuti ayi, koma ndine mwana wa wakabaza, ndipo njingayi ndi imene inandilipirira sukulu.

Ngati kwanu kuli njinga imene yangotsamira khoma, ipopeni Loweruka likubwerali. Sikufunika yodula. Yambani ndi mtunda waufupi, tengani madzi, nyamukani m'mawa. Ndipo mukafika pachitunda n'kulephera, tsikani mukankhe, palibe chamanyazi. Mukadzationa tikudutsa pa Nathenje kapena pa Mitundu, wachipewa chonga kamba ndi ineyo. Tiimitseni, tipitire limodzi.