Mufuna kukopa Kafue muli m'mwamba? Musathamangire kugula kamera

Ambiri a ife Kafue tiidziwira pa windo ya basi. Mwachoka mu Lusaka, mwapita Chilanga, makilomita 45 chabe mwafika: mahampu, mashopu m'mbali mwa msewu, azimayi onyamula nsomba m'mabeseni, buliji, mapolisa, basi yatha. Pofika pa Turnpike, pamene msewu ugawikana wa ku Chirundu ndi wa ku Mazabuka, mwaiwala kudala kuti munapita m'tauni.

Koma tsegulani Google Earth pa foni, muiyang'ane kuchokera pamwamba. Ni tauni ina. Kumadzulo kuli Kafue Flats, dambo lalikulu loyambira ku Itezhi-Tezhi, mtunda wa makilomita ngati 240, ndipo mtsinje uyendamo mokhotakhota monga njoka yokhuta. Mvula ikatha, madzi asefukira m'dambo lonse, lingong'anima monga galasi. Kum'mawa kuli mapiri, mtsinje ulowa m'mpata wothina wa Kafue Gorge kumene ZESCO ipangira malaiti, kuphatikizapo siteshoni yatsopano ya Kafue Gorge Lower ya 750 MW. Pakati pa dambo ndi mapiri m'pamene pakhala tauni: buliji ya njanji ya mu 1906, yotalika mamita 427, machumuni a Nitrogen Chemicals amene aimirira kuyambira 1970, mafulati a ku Estates, malata a ku Zambia Compound ndi Shikoswe. Kutali uko, minda ya nzimbe ya Nakambala iwoneka monga kapeti yobiriwira.

Ni chithunzi ichi chimene chisowetsa tulo anyamata ndi atsikana a makamera muno, aja amene akopa maukwati, ma kitchen party ndi mavidiyo a oimba m'mbali mwa mtsinje. Pa TikTok ndi YouTube aona anthu ajumpa m'ndeke, kamera pamutu, dziko lizungulira pansi. Ndiye ayamba kuwerenga ndalama za chilimba: nikalandira chabe, GoPro. Funso limene nilandira maningi ni lakuti kamera yabwino ya skydiving ni iti. Yankho yoyamba siikondweretsa. Tsiku lanu loyamba kujumpa, kamera yanu itsala pansi m'chikwama.

Woyamba kumene ajumpa tandem, ndiye kuti womangiriridwa pachifuwa cha mphunzitsi, ndipo samulola kugwira chilichonse m'manja. Vidiyo ikopedwa ndi mphunzitsiyo, pa kamera imene avala pa gulovu ya kudzanja, kapena ndi katswiri wina amene ajumpa pamodzi nanu n'kumauluka patsogolo panu. Mulipira padera, akupatsani mukatera. Ngakhale mwaphunzira kujumpa mweka, bungwe la ku America la United States Parachute Association likamba kuti munthu ayambe wajumpa ka 200 asanavale kamera iliyonse, olo kakhale kang'ono bwanji. Ka 200, osati ka 20.

Si nkhanza iyayi. Mukachoka m'ndeke pa mafiti 10,000, amene ni makilomita atatu, muli ndi masekondi ngati 30 chabe parachuti isanatsegulidwe, ndipo mukugwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. M'masekondi amenewo mutu ufunika kukhala pa chinthu chimodzi: nili pamtunda wanji, nitsegula liti. Kamera iba maganizo. Muyamba kudzifunsa ngati kalaiti kofiira kayaka, ngati mnzanu alowa bwino mu shoti. Mu 1988, ku North Carolina, munthu amene anali atajumpa kale kambirimbiri anatuluka m'ndeke kuti akope wophunzira ndi mphunzitsi wake. Zida za vidiyo anavala, parachuti sanavale. Tepi inapezeka pansi.

Vuto yachiwiri ni nthambo. Parachuti ikamatseguka, nthambo zake zipita pafupi ndi mutu. Kamera imene yatuluka pamwamba pa helmeti monga nyanga ingakole nthambo imodzi, ndipo zikatero parachuti yoyamba siitseguka bwino, komanso simungaitaye kuti mutsegule yachiwiri chifukwa yamangika kumutu kwanu. Apa m'pamene kusankha zida kuyambira, ndipo kuyambira pa helmeti, osati pa kamera. Helmeti ya wojambula ikhala ndi kachogwirira kamene mukakoka kamodzi chabe, helmeti yonse ivuka n'kugwa. Zoona, pamodzi ndi kamera yanu ya ndalama zambiri. Pomangira kamera pafunika posalala, popanda mpata woti nthambo ingalowemo. Tumapulasitiki tuja tataliitali tumene tubwera m'bokosi ya kamera ni twabwino pa njinga, koma m'mwamba ni mbedza. Ndipo kamera siimangidwa ndi kanthambo kuti isatayike. Ikakola, ifunika ithyoke ipite.

Manje kamera yeniyeni. Ambiri avala tumakamera tung'ono twa action, GoPro kapena DJI Osmo Action, tolemera magalamu ngati 150. Kulemera ni nkhani yaikulu, chifukwa parachuti ikatseguka thupi liima mwadzidzidzi koma mutu ufuna kupitiriza ulendo, ndiye chilichonse chili pamutu chilemera katatu kapena kanayi. Khosi ndilo lilipira. Amene akopa zithunzi zogulitsa awonjezera kamera ya mirrorless, koma asankha yaing'ono, ndi lenzi yaifupi yoona mbali yaikulu. Lenzi ya zoom yaitali imene muitembenuza pa ukwati ilibe nchito kumeneko. Focus aikonzeratu ali pansi n'kumata tepi kuti isasunthe, shutter aiika pa 1/1000 kapena kuposa. Manja ali ndi nchito youluka, ndiye batani adina ndi kaswichi ka m'kamwa, kena koluma ndi mano, kena kokankha ndi lilime. Poti sungasuzumire m'kamera ili pamutu, patsogolo pa diso aika kamphete koloza kumene lenzi iyang'ana. M'khutu muli kachipangizo kolira kokumbutsa kuti nthawi yotsegula yakwana. Ine nikaona zonsezi nimaseka tikamatchula munthu kuti kameramani chifukwa chabe ali ndi gimbal.

Tuzinthu tung'ono ndito tupweteka mtima. Khadi ya memory ikhale yolembedwa V30, apo ayi vidiyo ya 4K ingaime pakati, ndipo kujumpa kulibe take two. Kumwamba kuzizira: kilomita iliyonse mukwera, kutentha kutsika madigiri 6 ndi theka, ndiye pa makilomita atatu mwataya pafupifupi madigiri 20. Batire yokalamba ikomoka msanga m'mphepo yotere. Potsika, galasi yozizira ikumana ndi mpweya wofunda n'kuchita nkhungu, makamaka ngati kamera ili m'kabokosi kotseka, ndiye anthu aikamo tumapepala toyamwa chinyezi. Tumakamera totchipa tumene tudzala pa Katondo Street ndi pa Facebook, tolembedwa 4K pa katoni koma dzina losadziwika, tuyeseni musanalipire. Kopani muthamanga, muonere pa sikirini yaikulu. Chithunzi chikamanjenjemera monga jelly pa liwiro la miyendo yanu, ganizirani pa 200.

Nanga mukajumpira kuti? Muno mu Kafue mulibe bwalo la ojumpa. Tandem ichitika ku Victoria Falls, mbali ya Zimbabwe, ndipo amene afuna kuphunzira mpaka kufika pa 200 paja nthawi zambiri apita ku South Africa kapena ku Swakopmund ku Namibia. Ku Livingstone, makilomita opitirira 400 kuchokera pano, kuli microlight, kandeke kopanda zitseko kamene kazungulira pamwamba pa Mosi-oa-Tunya mphindi 15 kapena 30. Nakonso lamulo ni limodzimodzi: kamera ndi foni musiya pansi, chifukwa injini ili kumbuyo kwanu ndipo chinthu chikapulumuka m'manja chilunjika ku propela. Zithunzi zikopedwa ndi kamera yomangidwa pa phiko. Pa buliji ya bungee ya mamita 111 nawonso ali ndi ojambula awo. Kulikonse kumene munthu agwa kapena auluka, eni malo sakhulupirira manja a mlendo.

Ndiye maganizo anga ni awa. Ngati ndalama zikwana chinthu chimodzi chabe, ulendo kapena kamera, ndipo chimene mufuna ni vidiyo ya imwe muli m'mwamba, lipirani ulendo ndi vidiyo ya eni malo. Ngati chimene mufuna ni nchito yojambula, gulani kamera ya action yeniyeni, olo ya second hand, batire yachiwiri ndi khadi yabwino, muyambire pano pamene. Kafue ili ndi pophunzirira pambiri kuposa mmene tiganizira.

Kwerani mapiri a kum'mawa kwa tauni m'mamawa, mwezi wa May kapena June, mpweya ukali woyera ndipo madzi akali m'dambo. Mukadikira August mpaka October, utsi wa moto wa m'tchire uphimba zonse, mtsinje uwoneka monga mwaukopa kupyolera m'neti ya udzudzu. Pamwamba apo muphunzira chinthu choyamba chimene lenzi yotambalala ichita: zonse zakutali zichepa. Buliji imene maso anu aiona bwinobwino ikhala kamzere. Kuti chithunzi chikhale ndi moyo pafunika munthu pafupi, mamita awiri kapena atatu, ndipo n'chifukwa chake wojambula wa m'mwamba auluka pafupi maningi ndi nkhope ya kasitomala. Mangani kamera pa helmeti ya njinga, mutsike nayo kamsewu ka fumbi, muone mmene mutu wanu uyendayendera osadziwa. Kuphunzira kugwira khosi kuti likhale phee monga tripod kutenga masabata, ndipo sikufuna ndeke.

Drone ni njira ina, ndipo ambiri a mavidiyo a nyimbo apita kumeneko. Koma ili ndi malamulo ake ku Zambia Civil Aviation Authority, fufuzani za kulembetsa musanaiulutse. Ndipo kaya ni drone, kaya ni foni, buliji ya msewu, mafakitale ndi malo a ZESCO si pokopera mwachisawawa. Pemphani choyamba. Kulongosola kwa ba bwana a yunifomu kuti munali kuchita chabe content kungakudyereni tsiku lonse, mwina ndi khadi yomwe.

Pamtsinje m'pamene pali sukulu yabwino. Kambiranani ndi asodzi, kaya pafupi ndi tauni kaya ku Chanyanya, mukwere bwato dzuwa likamalowa. Muvale jekete yoyandamitsa, manja asalendewere m'madzi chifukwa ng'ona ndi mvuu zilimo, ndipo musakope nkhope ya munthu musanamupemphe. Bwato ligwedezeka, kuwala kusintha mphindi iliyonse, Kafue weed ipita m'mbali monga tuzilumba toyenda, ndipo mbalame ikauluka siibwereranso kuti mukonze focus. Apa lamulo la nthambo litembenuka: kamera imangeni zolimba kudzanja, ndipo ngati muli ndi kachogwirira koyandama kaja, kaikeni. Madzi a Kafue ni akuda, chimene chagweramo sichioneka olo pa mita imodzi.