Kuwokera mafuta pansi pa chipsera

Ntchito yanga ndi yokonza matupi amene moto kapena ngozi zinawasiyira maenje. Kwathu ndi ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, kumene chisanu cha mu June ndi July chimagonetsa anthu pafupi ndi moto. Mwana akagwerapo, kapena wamkulu wodwala khunyu, bala limapola ndithu, koma chipsera chimamatirira kufupa, tsaya n'kulowa m'kati. Zikatere timatenga mafuta a mwini wakeyo, a pamimba kapena pantchafu, n'kuwaika pansi pa chipseracho.

Kuwachotsa sikuvuta. Timakoka pang'onopang'ono ndi kachubu kobuntha kunsonga, kenako timawazunguza m'makina kwa mphindi 3, njira imene Sydney Coleman wa ku New York anaifalitsa m'zaka za m'ma 1990. Amadzilekanitsa okha: osungunuka achikasu pamwamba, magazi ndi madzi pansi, ofunikawo pakati.

Pagona nkhani ndi pakuti agwire. Mafutawa amafika pamalo achilendo opanda mitsempha ya magazi, ndiye masiku oyambirira amangoyamwa chakudya ndi mpweya kuchokera kumnofu wowazungulira. Omwe ali m'mphepete, osafika ndi theka la milimita lomwe, amapulumuka mpaka timitsempha tatsopano titawapeza. A pakati pa chibuma amafa, n'kusanduka kathumba kamafuta kapena kam'bulu kolimba komwe wodwala amakamva akamasamba kumaso. Gustav Neuber wa ku Germany anaziona kale mu 1893: tizidutswa tating'ono tinkagwira, zikuluzikulu ayi. Mu 1950 Lyndon Peer anapeza kuti pakatha chaka pafupifupi theka limakhala litazimirira.

N'chifukwa chake ndimagwira ntchito ngati wowokera mbande. Ndimalowetsa kachubu, ndipo potuluka ndimasiya kamzere kowonda ngati ulusi, n'kulowanso pambali pake, mzere wina pamwamba, wina pansi. Chala chimachita dzanzi, koma njira yachidule palibe. Dokotala wofuna kudzaza dzenje lonse tsiku limodzi kuti achibale amuombere m'manja, ine sindimuwerengera.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mtunda. Wochokera ku Mafinga ayambe wafika kaye pa Chitipa boma, kenako Karonga, ndiye Mzuzu kapena kupitirira, ndipo nthawi zambiri opaleshoni imodzi sikwanira. Ndimanena poyera tisanayambe: "Mayi, mukaona tsaya la mwana laphwa pakatha miyezi itatu, musati talephera. Mudzabwerenso naye." Ndimawauzanso kuti mafuta ogwira amatsata thupi, munthu akawonda m'miyezi ya njala, nawonso amachepa.

Inu osamalira wodwala, masabata oyambirira asagonere mbali yoikidwa mafutayo, musaithowe kapena kuisisita, ndipo ngati ndi wosuta, fodya asiye asanabwere kuchipatala.