Nsima yapsa: zomwe bambo anandiphunzitsa pa nyimbo ya Debussy

Ndinayamba kuphunzira piyano ndili ndi zaka 24. Ndikati piyano ndikudzikometsera pang'ono, chifukwa chomwe ndili nacho ndi kiyibodi yakale ya makiyi 61, pomwe piyano yeniyeni imakhala ndi 88. Ndinaigula kwa mnyamata wina wa kwaya ya kutchalitchi kwathu atapeza yatsopano. Imakhala patebulo lomwelo lomwe ndimalembera ntchito, m'kachipinda komwe ndimachita lendi ku Area 25 ku Lilongwe. Ndikafuna kudya, ndiyambe ndaisuntha kaye.

Chaka choyamba ndinkaimba zophweka: nyimbo za kutchalitchi ndi makodi anayi aja omwe aliyense wogwira kiyibodi amawadziwa. Kenako tsiku lina usiku ndinali pa YouTube, kungofuna kumaliza bandulo isanathe nthawi yake. Ndinagwera pa nyimbo yotchedwa Arabesque No. 1 ya Claude Debussy. Ndinaimvetsera kanayi. Imayenda ngati madzi otsika pathanthwe, osathamanga komanso osaima. Ndinadziuza kuti iyi yokha ndidzaiimba ndi zala zangazi, ngakhale zitatenga zaka.

Debussy anali wa ku France. Anabadwa mu 1862 ndipo anamwalira ku Paris mu 1918. Nyimboyi ndi yoyamba mwa ziwiri zomwe anazitcha Arabesque, ndipo anazipeka pakati pa 1888 ndi 1891, akadali m'zaka zake za m'ma 20 ngati ine. Kusiyana kwathu n'koti iye analowa sukulu ya nyimbo ya Paris Conservatoire ali ndi zaka 10. Ine pa zaka 10 ndinali pabwalo kusewera phada.

Kupeza mapepala a nyimboyo sikunavute. Pa intaneti pali malo otchedwa IMSLP omwe amasunga nyimbo zakale zomwe eni ake anamwalira kalekale, ndipo munthu amatenga ulere. Ndinakaprintitsa pa kasitolo ka mumsika. Vuto linali kuwerenga. Ine ndinakulira m'nyumba ya sol-fa. Bambo anga anaphunzitsa kwaya ya kumpingo kwathu ku Dedza zaka zambiri, ndipo nyimbo zawo zonse zinkalembedwa ndi zilembo d, r, m, f, s, l, t, njira yomwe John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo inafika kuno ndi amishoni. Koma pepala la piyano ndi lina. Lili ndi timadontho pa mizere isanu, ndipo mizereyo ili m'magulu awiri, lina la dzanja lamanja, lina la lamanzere. Nyimbo ya Debussy ili mu E major, kutanthauza kuti F, C, G ndi D uziwaimba pa makiyi akuda. Milungu yoyamba ndinkalemba zilembo ndi pensulo pansi pa dontho lililonse, ngati mwana wa sitandade 1.

Chiyambi chake ndinachidutsa movutikira, koma ndinachidutsa. Kenako ndinafika pamalo pomwe nyimboyi imagwetsera anthu ambiri. Dzanja lamanja liyenera kuimba manoti atatu m'nthawi yomweyo yomwe lamanzere likuimba awiri. Tayesani pompano pamawondo: dzanja ili lizimenya katatu, linalo kawiri, onse ayambire limodzi n'kukumananso limodzi. Mudzaona kuti dzanja lina limayamba kutsanzira linzake. Zanga zinkatero tsiku lililonse. Lamanzere linkadikira lamanja, lamanja linkadikira lamanzere, ndipo madzi aja ankamveka ngati galimoto yomwe ikutha mafuta.

Njira yanga yothana ndi vutoli inali yopusa, koma nthawi imeneyo sindinkaona. Ndinkayambira pachiyambi, kuthamanga monga amaimbira a pa YouTube, kugwa pamalo paja, kubwereranso pachiyambi. Madzulo amodzi ndinkatha kuchita zimenezi ka 30. Patatha miyezi itatu, chiyambi ndinkachiimba ndili chitsinzinire, koma pamalo povuta paja ndinali ndisanasunthe. Chomwe chinasintha ndi mkono wamanja, womwe unayamba kuwawa pamfundo chifukwa ndinkaimba nditaumitsa thupi lonse. Zinafika poti ngakhale kutaipa pa kompyuta kunkandipweteka, ndipo kutaipako ndi komwe kumandidyetsa. Ndinaphimba kiyibodi ndi chitenje kwa milungu iwiri.

M'masiku omwewo amayi anandiimbira foni. Nditawauza za mkono, anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Kodi mwanawe, zimenezi zidzakupatsa ndalama?" Sanafunse monyoza ayi. Awa ndi amayi omwe anagulitsa mbatatesi ndi nyemba kuti ine ndimalize ku yunivesite, ndipo kunyumba kukadali ang'ono anga awiri ofunika fizi. Anzanga nawo ankanena zomwezo m'chinenero chawo: "Aise, bwanji osangolowa bandi uziimba m'maukwati? Nyimbo za azungu akufazi akumvera ndani?" Ndinalibe yankho. Ntchito yanga amandilipira malinga ndi zomwe ndalemba, ndiye ola lililonse lomwe ndili pa kiyibodi ndi ola lomwe sindinapange ndalama. Ambiri a ife tinaleredwa choncho, kuti chinthu chosabweretsa kangachepe n'chibwana.

Ndili m'kati modzifunsa, ndinawerenga za Alan Rusbridger, yemwe anali mkonzi wamkulu wa nyuzipepala ya The Guardian ku London. Ali m'zaka za m'ma 50, anadzipatsa ntchito yophunzira Ballade No. 1 in G minor ya Frédéric Chopin, imodzi mwa nyimbo zomwe ngakhale akatswiri amaziopa. Ankayesetsa kupeza mphindi 20 patsiku, pa nthawi yomwe nyuzipepala yake inali kalikiliki ndi nkhani za WikiLeaks. Zinamutengera kupitirira chaka, ndipo analemba buku la ulendowo lotchedwa Play It Again lomwe linatuluka mu 2013. Ndinapezanso kuti ku Fort Worth, m'chigawo cha Texas ku America, mu 1999 kunayamba mpikisano wa anthu oimba piyano koma sadyera piyanoyo, madokotala ndi a ntchito zina. Zoona, anthu amenewa ali ndi mapiyano enieni ndi aphunzitsi, ndipo magetsi sawazimira nyimbo ili pakati. Komabe chinandigwira mtima n'choti munthu wotanganidwa chotero ankaona kuti mphindi 20 zokha n'zokwanira kuyambapo, ndipo sankayembekezera kulandirapo kanthu.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi ndi kiyibodi yanga. Mu minibasi ndinailipirira mpando wake, ndipo mayi wina anandifunsa ngati ndikupita kumsonkhano wa chitsitsimutso. Tsiku lachiwiri masana ndinakhala pakhonde n'kuyamba kulimbana ndi malo anga aja. Bambo anali pampando wawo wa ndalema akumvetsera wailesi. Patapita kanthawi anaitsitsa.

"Limba lakolo likudwala kapena ndi iweyo?" anandifunsa. Kwa iwo chilichonse chokhala ndi makiyi ndi limba.

Ndinawaonetsa pepala. Anavala magalasi, kuliyang'ana, n'kundibwezera. "Timadonthoti ine sinditiwerenga. Tandiuza ndi pakamwa, akufuna chiyani mzunguyu?"

"Akufuna kuti dzanja ili liimbe katatu pomwe ili likuimba kawiri, bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Basi? Miyezi yonseyi? Izitu ndi za ng'oma izi. Kodi amayi akamaomba m'manja pagule, wang'oma akuyenda njira yake, iwe sumamva? Zimitsa limbalo, bwera pano."

Anakoka katebulo n'kuyamba kumenya ndi zikhato, pang'onopang'ono. Manja onse limodzi, kenako lamanja, lamanzere, lamanja. Anati ndisaganize za manja awiri olimbana, koma ndimve kugunda kumodzi komwe manja awiri akugawana. Kuti ndisaiwale, anandipatsa mawu oti ndizinena: nsi-ma-ya-psa. Pa "nsi" manja onse amenye limodzi ndipo ndikokereko pang'ono. Pa "ma" lamanja, pa "ya" lamanzere, pa "psa" lamanja, kukokeranso pang'ono, kenako kuyambiranso. Mukawerenga bwino muona kuti lamanja lamenya katatu, lamanzere kawiri.

Tinakhala pakhonde paja, bambo wa imvi ndi mwana wawo wa digiri, tikumenya tebulo ndi kufuula kuti nsima yapsa, nsima yapsa. Amayi anatulukira kukhitchini ndi mthiko m'manja. "Ndani akuti yapsa? Madzi ake sanawire n'komwe!"

Bambo sanandilole kuyatsa kiyibodi tsiku limenelo. M'mawa mwake anati ndiyatse, koma ndiimbe kachigawo kamodzi kokha, pang'onopang'ono kwambiri moti sikankamveka ngati nyimbo. Nditafuna kubwerera pachiyambi anandigwira dzanja. "Kwaya ikalakwitsa mzere wachitatu, sitibwerera ku mzere woyamba. Timakhala pomwepo mpaka zitalowa. Iwe ukamathamanga n'kumalakwitsa ka 30, ukuphunzitsa zala zako kulakwitsa, ndipo zikuphunziradi." Anandiuzanso kuti nditsitse mapewa, chifukwa ndinkakhala ngati munthu wosenza thumba la chimanga.

Ndinali nditamva malangizo ofanana ndi amenewa kwa aphunzitsi a pa YouTube, koma ankangondidutsa. Pakamwa pa bambo anamveka mwina. Munthu uyu waphunzitsa alimi, amayi a pamsika ndi ana asukulu kuimba mawu anayi osiyana popanda chida chilichonse, ndipo sanalandirepo malipiro. Madzulo ena ndinawafunsa chomwe chinkawapititsa kukwaya Lachitatu ndi Loweruka lililonse, ngakhale nthawi yolima. Anayankha mwachidule kuti: "Munthu sungakhalire khasu lokha."

Nditabwerera ku Lilongwe ndinasintha zonse. Tsopano ndimaimba mphindi 20 m'mawa ndisanatsegule WhatsApp kapena imelo. Ndimayambira pamalo povuta, osati pomwe ndimapakonda. Dzanja lililonse limaphunzira palokha kaye, kenako ndimawaphatikiza. Ndinaika metronome pafoni, kachida kogunda mofanana komwe umakauza liwiro, ndipo sindikweza liwirolo mpaka nditaimba kachigawo katatu motsatizana osalakwitsa. Ndimalemba manambala a zala papepala kuti noti iliyonse izigwidwa ndi chala chomwecho tsiku lililonse. Lamlungu ndimadzijambula mawu n'kumvetsera, chifukwa khutu limanama ukamaimba koma foni sinama. Mkono ukangoyamba kuwawa ndimasiya pomwepo. Magetsi akazima ndimamenya tebulo mumdima, ndipo oyandikana nawo nyumba anazolowera kumva kuti nsima yapsa nthawi ya 6 koloko m'mawa.

Panapita milungu isanu kuti manja agwirizane. Tsiku lomwe zinatheka sindinachite chachilendo chilichonse. Ndinangozindikira kuti ndadutsa malo aja ndipo pakamwa panga sipakunenanso za nsima. Ndinakhala kaye chete, kenako ndinabwereza kuti nditsimikize kuti sinali ngozi.

Ndisakunamizeni, nyimboyi sindinaimalize bwinobwino mpaka lero. Chigawo chake chapakati, chomwe chimasamukira mu A major ndipo Debussy analemba kuti liwiro lizitambasuka ndi kubwerera, chimandivutabe. Ndinagula chopondera cha kuphazi chomwe chimachititsa mawu kupitirira kulira ukachotsa chala, ndipo phazi nalo lili ndi sukulu yakeyake. Tsiku lina ndinapeza mwayi wokhudza piyano yeniyeni muholo ina mumzinda muno. Makiyi ake ndi olemera, chifukwa kiyi iliyonse imakankha kanyundo komwe kamamenya nsambo m'kati, ndipo zala zanga zozolowera pulasitiki zinatopa ndisanafike patsamba lachiwiri. Koma ndinamva kwa nthawi yoyamba kuti kukhudza pang'ono kumatulutsa mawu ofewa, kukhudza mwamphamvu mawu aakulu. Dzina lake lonse ndi pianoforte, mawu a Chitaliyana otanthauza mofewa ndi mwamphamvu. Ndinatuluka m'holomo ndikudziwa kuti ulendo ukadali wautali, ndipo sizinandikhumudwitse.

Funso la amayi lija ndinaliyankha mwezi watha. Ndinawauza kuti ayi, sizidzandipatsa ndalama, ndipo ndalama ya fizi ya ang'ono anga izibwerabe pa nthawi yake. Ndinawauza kuti tsiku langa lonse ndimagulitsa mawu kwa anthu ena, kulemba zomwe akufuna mmene akufunira, ndipo mphindi 20 zimenezi ndi zokhazo zomwe palibe amene anazigula. Anati, "Chabwino, bola mkono," n'kuyamba kundiuza za mtengo wa feteleza.

Usiku womwewo ndinajambula nyimbo yonse, ndi zolakwa zake zomwe, n'kutumiza pafoni ya mng'ono wanga kuti akawamvetsere bambo. Yankho linabwera m'mawa. Kumbuyo kunkamveka tambala ndi mng'ono wanga akuwauza kuti ayambe kulankhula, yayamba kale kujambula.

"Ndamva," anatero bambo. "Pakatipo ukuthamanga, ukuopa chiyani? Ukabwera pa Pasaka tidzakhalepo pamenepo. Koma paja tinamenya tebulo paja, nsima yapsa ndithu."