Kadi ikakana kulemba, osathamangira kufomata

Ise amene timagwira nchito za mafoni ndi makompyuta mu City Market tili ndi kaskripiti ka Python kamene timapatsana pa WhatsApp. Nchito yake ndi yaing'ono chabe: kastomala akabwera ndi memori kadi kapena fulashi, kamatenga mafoto ndi mavidiyo n'kuwaika m'mafoda malinga ndi tsiku. Masiku ambiri kamayenda bwino. Koma nthawi zina kamangoima n'kulemba kuti "Errno 30, Read-only file system". Apa m'pamene manja amayabwa kufuna kufomata.

Mawu amenewo akutanthauza kuti kadi ikulola kuwerenga, koma ikukana kulembedwa. Manje funso n'lakuti, ngati tikungotenga mafayilo, skripiti ikufuna kulemba chiyani pa kadi? Nthawi zambiri ndi zinthu ziwiri. Mwina ikupanga foda yatsopano pa kadi pomwepo chifukwa ndi pamene tinaiyambitsira. Kapena ikugwiritsa nchito shutil.move, imene imakopa fayilo kenako n'kufufuta yakale, ndipo kufufuta nakonso ndi kulemba. Mankhwala ake ndi osavuta: tipatse skripiti njira yonse ya foda ya pa kompyuta, tiike shutil.copy2 m'malo mwa move. Kadi isakhudzidwe.

Mafayilo akafika pa kompyuta, m'pamene timafufuza chimene chatseka kadi. Timayamba ndi kaswichi ka Lock kamene kali m'mbali mwa adaputa ya SD. Kaswichiko sikalumikizana ndi chilichonse mkati. Chowerengera kadi ndicho chimaona pamene kaima. Kakakhala kolobodoka kamatsetsereka kokha polowetsa, ndipo kaselotepi kamathetsa nkhani. Pa Windows timayesanso diskpart ndi lamulo lakuti attributes disk clear readonly. Pa Linux, kompyuta imatha kutseka kulemba yokha ikaona kuti dongosolo la mafayilo lasokonezeka, monga malaiti akazima pakati pa kukopa. Izi tinaziona kwambiri mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akupita maola ambiri pa tsiku.

Chifukwa chomaliza ndicho chimene tiyenera kuchiopa. Kadi ikatopa, kachipu kake ka mkati kamaitseka kuti isalembedwenso, cholinga zimene zilimo zipulumuke. Imeneyo palibe lamulo loitsegula. Kukana kwake ndi chenjezo lakuti tichotse katundu nyumba isanagwe. Tikataya nthawi ndi kuizula, kuilowetsa, kuyesa mapulogalamu oikonza, ikhoza kuzimiratu mafayilo ali mkati.

Tisaiwale kuti pa kauntala sipabwera nyimbo zokha. Pamabwera amai ochokera ku Chelstone ndi mafoto a chilanga mulilo cha mwana wawo, mnyamata wa ku Kabwata ndi pulojekiti ya kusukulu, wina ndi vidiyo imodzi yokha imene muli mawu a atate ake omwalira. Kufomata ndi mamineti awiri, kukopa kadi yodwala kumatha ola lathunthu, mzere uli kumbuyo. Koma munthu sanakwere basi kubwera m'tauni chifukwa cha kapulasitiki. Wabwerera zili mkatimo.

Ndiye timawauza zoona: "Amai, mafoto anu onse tawachotsa, ali bwino. Koma kadi iyi yatha, musaikemonso chilichonse." Ena amaganiza kuti tifuna kuwagulitsa yatsopano, ndiye timawaonetsa pa sikirini kuti aone okha.

Amene anali pano mu July 2017, moto utawononga msika uno, adziwa bwino kuti chinthu chosungidwa pamalo amodzi chimatha usiku umodzi. N'chifukwa chake kastomala asanachoke timamupempha kuti mafoto ofunika awasunge pawiri: pa kadi yatsopano, komanso pa Google Drive kapena pa foni ya m'bale wake.