Tilekeni ndi Bobi

Galu woyamba amene ndimamukumbukira ndi Tilekeni, wa agogo aamuna ku Zóbuè. Dzinalo linali ndi eni ake. Agogo anali atayambana ndi anansi pa malire a dimba, ndiye madzulo aliwonse ankaima pakhonde n'kumakuwa kuti, "Tilekeni! Tilekeni!" Galu ankabwera akugwedeza mchira, uthenga nawo n'kufika kumene unkapita.

Tilekeni sankadziwa mbale. Chake chinali mkute ndi nkhoko zomuponyera pansi, zinazo ankadzionera yekha. Tchire likapsa m'chilimwe ankatsogolera amalume ku uzimba m'munsi mwa phiri, ndipo akagwira kalulu matumbo anali ake. Nkhupakupa zikamudzaza m'makutu, ana tinkazizula ndi zala n'kuziponya pamoto. Mphaka ndiye analibe n'dzina lomwe. Ntchito yake inali makoswe a munkhokwe, ndipo munthu womuyangata pamiyendo ankadziitanira mbiri ya ufiti.

Nkhondo yapachiweniweni itakula m'zaka za m'ma 1980, tinathawira ku Mwanza usiku. Galu akanauwa panjira akanatiulula, choncho agogo anamubweza ndi miyala. Anatilondolabe chapatali mpaka pamtsinje, kenako sitinamuonenso. Titabwerera pangano la mtendere la 1992 litasainidwa, akuluakulu ankawerenga anthu ndi mbuzi zimene zinatayika. Za galu palibe anafunsa.

Lero ndimakhala ku Moatize. Kampani ya Vale itayamba kukumba malasha mu 2011, tauni inafufuma ngati mtanda wa mandasi. Kunabwera alendo, ndalama, akuba, kenako mipanda ya njerwa ndi zipata zachitsulo. Kuseri kwa zipatazo kunalowa agalu akuluakulu ogula ndi ndalama, chinthu chimene agogo akanaseka nacho mpaka misozi, poti kwathu kagalu ankangopempha kwa mnansi.

Wanga ndi wamba, wofiirira, ndipo mwana wanga wamkazi anamutcha Bobi, dzina losanena munthu. Ali ndi mbale yake, ndipo timamuphikira phala la gaga losakaniza ndi mitu ya nsomba. Alinso ndi khadi la katemera wa chiwewe, limene ndimalisunga m'chikwama chimodzi ndi zikalata za ana. Chaka chilichonse alangizi a ziweto akalengeza katemera, ndimamumanga chingwe n'kukaima pamzere. Pamzerepo mumapezanso ana atanyamula amphaka m'matumba, mitu yokha ili kunja, ndipo palibe wowaloza chala.

Chimene chinandiphunzitsa kusaseweretsa khadilo ndi mwana wa mlongo wanga. Galu wosadziwika anamuluma pamwendo akuchokera kusukulu. Amayi anati, "Mupezeni galuyo, mumete ubweya wake, tiwotche tipake phulusa pabalapo." Ndi mmene anachitira ine nditalumidwa ndili mwana, ndipo ndinapulumuka chifukwa galu amene anandilumayo sanali wodwala. Ndinati, "Amayi, pepani, lero tiyambe ndi sopo." Tinatsuka balalo ndi madzi oyenda ndi sopo kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba jakisoni. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, mankhwala ake palibe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. N'chifukwa chake pa 28 Seputembala pamakhala tsiku lokumbutsana za matendawa padziko lonse.

Komabe sindinganame kuti galu wa m'tauni wapeza zabwino zokhazokha. Ku Zóbuè n'kozizira, pamene kuno mu Okutobala dzuwa limapitirira madigiri 40. Ndaonapo agalu atamangidwa unyolo waufupi pa simenti yotentha, lilime lili panja, beseni lili gwa, eni ake ali kuntchito. Inenso ndinalakwapo. Tsiku lina ndinachoka m'mamawa mothamangira minibasi, ndipo pobwera madzulo ndinapeza Bobi atakumba dzenje m'tsinde mwa mpanda, atagonamo, akulephera n'kuuwa komwe. Madzi ndinali nditaiwala.

Usiku umenewo ndinakumbukira Tilekeni. Ludzu likamugwira ankadziwa njira ya kumtsinje, dzuwa likakula ankasankha yekha mthunzi wa mango. Bobi ndinamutsekera ndine, ndiye mtsinje wake ndi mthunzi wake zili m'manja mwanga. M'mawa mwake ndinamukhomera kadenga ka udzu n'kumumasula unyolo kuti aziyendayenda mumpanda. Masiku ano ndisanatseke chipata ndimayamba ndasuzumira m'beseni.